Pulogalamu "Yosasinthika" Imene Imasinthika: Kuunika Mawu Ofotokozera Katsegulidwe ka Mafayilo pa Kompyuta

1.0 Mawu Oyamba

Munthu akadina kawiri pa fayilo ya pa kompyuta, fayiloyo imatseguka m'pulogalamu ina yake. Kalata imatseguka m'pulogalamu yolembera, chithunzi m'pulogalamu yoonetsera zithunzi, nyimbo m'pulogalamu yoimbira nyimbo. Anthu ambiri amayesa kuti umu ndi mmene makinawo anabadwira, ndipo palibe chimene munthu angachitepo. Komatu m'kompyuta iliyonse muli mndandanda wonena kuti fayilo ya mtundu wakutiwakuti izitsegulidwa ndi pulogalamu yakutiyakuti, ndipo mwini kompyuta ali ndi ufulu wosintha mndandandawo.

Nkhani ino ikuunika mawu amene akugwiritsidwa ntchito pofotokoza zimenezi m'Chichewa, makamaka amene amamveka pophunzitsa kompyuta ndi amene amapezeka m'masamba otanthauziridwa ndi makina. Dandaulo lake ndi lakuti mawu ena amene afala akuuza wowerenga zosiyana ndi mmene chinthucho chimagwirira ntchito. Liwu loterolo silingapepukitsidwe ponena kuti ndi nkhani ya kakomedwe ka chilankhulo chabe, pakuti munthu amene wauzidwa kuti chinthu ndi chosasinthika sayesa n'komwe kuchisintha. Alembi, akonzi ndi aphunzitsi ndiwo amene amapwetekeka nazo, monga ziti zionekere m'ndime 6.0.

2.0 Mmene Kompyuta Imadziwira Chotsegulira

Liwu la luso siliyesedwa poliyerekeza ndi liwu la Chingerezi limene likulowa m'malo mwake. Limayesedwa poliyerekeza ndi chinthu chenichenicho. Motero nkoyenera kuyamba ndi kuona njira zitatu zimene makompyuta akhala akutsata.

Njira yoyamba ndi ya Windows, imene inatengedwa ku MS-DOS ya mu 1981. M'masiku amenewo dzina la fayilo silinkapitirira malembo 8, kenaka kadontho, kenaka malembo ena osapitirira 3, monga KALATA.TXT kapena BUKU.DOC. Windows 95 inalola mayina aatali ofika malembo 255, koma mwambo wa kadontho unatsala. Mpaka lero Windows imaona malembo otsatira kadonthowo, n'kufufuza m'kaundula wake wotchedwa Registry kuti ipeze pulogalamu imene inalembedwa moyang'anizana nawo. M'kati mwa fayilomo siisuzumiramo.

Njira yachiwiri inali ya Macintosh ya kampani ya Apple, imene inatuluka mu 1984. Fayilo iliyonse inkanyamula zizindikiro ziwiri zobisika, chilichonse cha malembo 4. China chinkanena mtundu wa fayilo, monga TEXT, ndipo china chinkanena pulogalamu imene inapanga fayiloyo, monga MSWD kutanthauza Microsoft Word. Chotero mafayilo awiri a mtundu umodzi ankatha kutseguka m'mapulogalamu osiyana, iliyonse kubwerera kumene inachokera. Mu 2005 Apple inabweretsa njira ina yotchulira mitundu ya mafayilo, ndipo pofika mu 2009 makompyuta ake analeka kutsata chizindikiro cha pulogalamu yopanga chija.

Njira yachitatu inayambira pa makalata a imelo. Mu 1992 Nathaniel Borenstein ndi Ned Freed anafalitsa ndondomeko yotchedwa MIME, imene imatchula mtundu wa fayilo ndi mawu awiri, monga text/plain kapena image/jpeg. Makompyuta a Linux anatengera mayina amenewa. Iwo amaona dzina la fayilo, ndipo pakakhala chikayiko amawerenganso malembo oyambirira a m'kati mwake. Mwachitsanzo, fayilo ya PDF imayamba ndi %PDF. Zosankha za mwini kompyuta zimasungidwa m'kafayilo kotchedwa mimeapps.list, kamene munthu angathe kukatsegula ndi kulembamo yekha.

Njira zitatuzi ndi zosiyana, koma zikugwirizana pa mfundo imodzi. Ubale wa fayilo ndi pulogalamu yake ndi chinthu cholembedwa penapake. Alipo amene anachilemba, ndipo chikhoza kufufutidwa n'kulembedwanso. Liwu lililonse la Chichewa lofotokoza nkhaniyi liyenera kusunga mfundo imeneyi.

3.0 Fayilo ndi Mchira wa Dzina Lake

3.1 Liwu lakuti fayilo silifuna mkangano wautali. Linalowa m'Chichewa kalekale kudzera m'maofesi, ndipo limatenga mgwirizano mosavuta: fayilo iyi, mafayilo awa, monga mmene zilili ndi kompyuta ndi pulogalamu. Mphunzitsi angochenjera ndi chinthu chimodzi. Fayilo imene kalaliki amaidziwa ndi chikuto chosungiramo makalata ambiri, pamene fayilo ya pa kompyuta ndi kalata imodzi, chithunzi chimodzi kapena nyimbo imodzi. Chosungiramo mafayilo ambiri pa kompyuta ndiye foda. Kusiyanaku kukafotokozedwa tsiku loyamba, sikuvutitsanso.

3.2 Vuto layambira pa malembo otsatira kadontho aja, amene pa Chingerezi amati extension. M'zolembedwa zambiri zotanthauziridwa mofulumira mumapezeka ziganizo zonga izi:

(a) Onani fayilo yowonjezera.
(b) Sinthani kukulitsa kwa fayilo.
(c) Fayiloyi ili ndi zowonjezera za .pdf.

Chiganizo (a) chikutuma munthu kukafuna fayilo ina yachiwiri, imene kulibe. Chiganizo (b) chikukamba za kukula kwa fayilo, nkhani yosiyana kotheratu. Chiganizo (c) chayandikira, koma zowonjezera kwa Mchewa ndi mbasela: zikapezeka nzabwino, zikasowa palibe mlandu. Kumeneku ndi kupeputsa malembo amene Windows imadalira pa chigamulo chonse.

Kupeputsa kumeneku kunapwetekapo anthu. Kuyambira pa Windows 95, kompyuta imabisa malembowa pa mitundu ya mafayilo imene ikuidziwa, pokhapokha munthu atailamula kuti iziwaonetsa. Mu Meyi 2000 vayirasi yotchedwa ILOVEYOU, yochokera ku Philippines, inafala padziko lonse kudzera pa imelo. Fayilo yake inali ndi dzina lakuti LOVE-LETTER-FOR-YOU.TXT.vbs. Pamene malembo omaliza a .vbs anali obisika, wolandira ankaona .TXT n'kumayesa kalata wamba, pomwe inali pulogalamu yowononga. Chinali chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ntchito ya malembowa ikufanana ndi ya mfunda kapena chiwongo. Dzina loyamba limanena za mwiniwake yekha, koma Phiri kapena Banda amanena kumene munthuyo akuchokera ndi mmene angalandiridwire. Fanizoli likuphunzitsanso chinthu china chimene ophunzira ambiri amalakwitsa. Munthu akadzitcha mfunda wa eni ake, magazi ake sasintha. Chomwechonso kufufuta .docx pa dzina la fayilo n'kulembapo .pdf sikusandutsa fayiloyo kukhala PDF. Kumangonamiza kompyuta kuti iitumize ku pulogalamu imene singathe kuiwerenga.

Ngakhale fanizoli ndi lothandiza m'kalasi, mfunda sungakhale liwu la luso, chifukwa tanthauzo lake pakati pa anthu ndi lolemera kale. Ena angakonde liwu la m'malamulo a chilankhulo lakuti mphatikiram'tsogolo, koma ndi lalitali, ndipo wowerenga amene sanaphunzire galamala ya Chichewa angayese kuti likunena za kumayambiriro kwa dzina. Chizindikiro cha mtundu ndi mawu olondola, koma liwu lakuti chizindikiro likufunikanso potchula tizithunzi toimira mafayilo pa sikirini. Mawu amene akuoneka kuti angapirire ndi akuti mchira wa dzina. Ndi afupi, akuloza malo enieni, ndipo amalowa bwino m'ziganizo: fayilo yopanda mchira, mchira wobisika, dzina la michira iwiri. Mawu omalizawa akufotokoza msampha wa ILOVEYOU popanda kuwonjezerapo kanthu.

4.0 Liwu Lovuta Koposa

4.1 Pulogalamu imene imatsegula fayilo munthu akangodina kawiri imatchedwa default pa Chingerezi. M'chilankhulocho liwuli lili ndi matanthauzo angapo. Limanena za kulephera kubweza ngongole kapena kusafika pa bwalo la milandu, ndipo pa makompyuta limanena za chimene chimachitika munthu akapanda kunena chimene akufuna. Otanthauzira ambiri, anthu ndi makina omwe, agwa m'mbuna pa liwu limeneli. Nawa matanthauzidwe amene amapezeka kawirikawiri.

(a) Kusakhulupirika. Ili latengedwa ku tanthauzo la ngongole lija. Pulogalamu ya kusakhulupirika ndi mawu opanda mutu, ndipo ubwino wake ndi umodzi wokha: wowerenga aliyense amazindikira msanga kuti palakwika.

(b) Mwachisawawa. Limapezeka m'ziganizo zonga chakuti "Mwachisawawa, fayiloyi imatseguka mu Notepad." Kuchita chinthu mwachisawawa ndiko kuchita mopanda dongosolo ndi mosasamala. Tsono chimene chikufotokozedwa pano ndi dongosolo lenileni, lolembedwa m'kaundula, limene limachitika chimodzimodzi tsiku lililonse. Liwuli latembenuza tanthauzo chadodolido.

(c) Yosasintha kapena yosasinthika. Ili ndiye loopsa kuposa onse, chifukwa limamveka bwino m'khutu ndipo wowerenga alibe chifukwa cholikayikira. Kulakwa kwake kumaonekera likaikidwa m'chiganizo chimene buku lililonse lophunzitsa nkhaniyi liyenera kukhala nacho: "Sinthani pulogalamu yosasinthika." Chiganizochi chikudzitsutsa chokha. Wophunzira wanzeru adzaganiza kuti wolemba wasokonezeka, ndipo wophunzira wamantha adzangosiya zinthu mmene zilili.

(d) Yokhazikika. Ili ndi labwinopo, ndipo ndi limene olemba osamala ambiri amathawirako. Komabe lili ndi zofooka ziwiri. Choyamba, mneni wakuti khazikika ali mu msintho wochitika, umene umabisa wochita. Chinthu chokhazikika chimaoneka ngati chinangokhala chotero pachokha, monga phiri. Chachiwiri, liwuli likufunika kwina: pulogalamu yokhazikika ndi imene yayesedwa mokwanira ndipo siimaima pakati pa ntchito. Liwu limodzi likasenza akatundu awiri m'buku limodzi, mmodzi amagwa.

(e) Yachizolowezi kapena ya nthawi zonse. Mawuwa akufotokoza bwino zimene wogwiritsa ntchito kompyuta amaona, koma akusiya chifukwa chake. Kompyuta yongotulutsidwa kumene m'katoni ilibe chizolowezi, koma mndandanda uja ili nawo kale.

(f) Yoikidwiratu. Ili latsala pang'ono kufika. Cholepheretsa ndi chakuti kuika pulogalamu m'kompyuta ndi mawu amene anthu amagwiritsa kale ntchito ponena za kulowetsa pulogalamu yatsopano. Motero pulogalamu yoikidwiratu ndi imene inabwera ndi kompyutayo pogula. Kompyuta ingathe kubwera ndi mapulogalamu awiri otha kutsegula zithunzi, onse oikidwiratu, koma imodzi yokha ndiyo imatsegula munthu akadina kawiri. Liwuli lisungidwe pa ntchito yakeyo.

4.2 Chimene matanthauzidwe ambiriwa akutaya ndi munthu amene anasankha. Kuti pulogalamu ina izitsegula mafayilo a mtundu wina ndi chisankho, ndipo ndi chisankho chimene makampani amalimbirana kwambiri, podziwa kuti anthu ambiri sasintha chimene achipeza. Mu 2009 kampani ya Microsoft inalonjeza bungwe la European Commission kuti izipatsa anthu a ku Ulaya mwayi wosankha pulogalamu yowerengera masamba a pa intaneti, m'malo mongowapatsa Internet Explorer. Mu 2013 kampaniyo inalipitsidwa chindapusa cha mayuro 561 miliyoni chifukwa chosasunga lonjezolo pa makompyuta ena. Windows 11 itatuluka mu 2021, anthu anadandaula kuti posintha pulogalamu yotereyi ankayenera kusintha mchira uliwonse paokhapaokha, monga .htm ndi .html, ndipo mu 2022 panaikidwa batani limodzi lochitira zimenezi. Chinthu chosasinthika sichikadafika pa milandu yotere.

4.3 Liwu limene likusunga mfundo imeneyi ndi lakuti yosankhidwiratu. Lapangidwa kuchokera ku mneni wakuti sankha, mu msintho wochitidwa, ndi mphatikiri -ratu amene amapezeka mu kuphikiratu, kulipiriratu ndi kuneneratu, kutanthauza kuchita chinthu nthawi yake isanafike. Msintho wochitidwa umasiya mpata wa funso lakuti "yosankhidwa ndi yani?", ndipo funso limeneli ndi limene wophunzira ayenera kufunsa. Liwuli limakhalabe loona pa mbali zonse ziwiri: kampani ikasankha kompyuta isanagulitsidwe, pulogalamuyo ndi yosankhidwiratu; mwini kompyuta akasankha ina lero kuti izitsegula mafayilo a mawa, imeneyonso ndi yosankhidwiratu. Chiganizo choyesera chija tsopano chikumveka: "Sinthani pulogalamu yosankhidwiratu."

Pali chotsutsa chimodzi chimene sichiyenera kubisidwa. Mphatikiri -ratu ali ndi tanthauzo lachiwiri, la kuchita chinthu kotheratu, monga mu wapitiratu kapena zatheratu. Wina angamve yosankhidwiratu ngati yosankhidwa mpaka kalekale. Chotsutsachi ndi choona, koma mphamvu yake ndi yochepa. Ndi aneni onena za kukonzekera, monga konza, gula, uza ndi sankha, tanthauzo limene limabwera msanga ndi la nthawi isanafike. Mayi amene waguliratu mbewu sanaletsedwe kugula ina. Ndiponso ngakhale wowerenga atamva molakwika, wamvabe kuti panali kusankha, chimene yosasinthika ndi yokhazikika sanena n'komwe.

Ena angafunse chifukwa chosangobwereka liwu la Chingerezilo, monga zinachitikira ndi fayilo. Yankho ndi lakuti fayilo ndi dzina la chinthu chimene mphunzitsi angathe kuloza ndi chala, ndipo tanthauzo lake limadziwika pochiona. Liwu linali likutchula ubale wosaoneka ndi maso, ndipo likabwerekedwa limafika lopanda kanthu m'manja. Amisiri angamalitchule pakati pawo, koma m'buku la wophunzira silingaphunzitse kanthu.

4.4 Pamene Chingerezi chagwiritsa ntchito liwuli ngati muonjezi, Chichewa sichikakamizidwa kupeza liwu limodzi. Kachiganizo kakafupi kamagwira bwino ntchitoyo: "Mukapanda kusankha pulogalamu ina, fayiloyi itseguka mu Notepad." Mawuwa ndi aatali pang'ono kuposa mwachisawawa, koma akunena zoona, ndipo akudziwitsiratu wowerenga kuti pulogalamu ina ilipo.

5.0 Mawu a pa Mndandanda wa Zosankha

5.1 Munthu akadina fayilo ndi batani la kumanja la mausi, pamabwera mndandanda umene pali mawu akuti Open with. Awa ndiwo khomo losinthira zonse. Kuwatanthauzira kuti tsegulani ndi kulibe vuto, popeza ndi amalozanso chipangizo, monga m'chiganizo chakuti "Anadula mtengo ndi nkhwangwa." Polankhula anthu amatinso tsegulani mu Word, poona kuti fayiloyo imaonekera m'kati mwa pulogalamu. Zonsezi ndi Chichewa chabwino. Dzina lakuti chotsegulira nalonso ndi lothandiza pamene pakufunika liwu limodzi.

Chofunika kugamula ndi kanenedwe. Chingerezi sichisiyanitsa kulamula mmodzi ndi kulamula mwaulemu, koma Chichewa chimasiyanitsa. Ena amalemba tsegula ponena kuti munthu ndiye akulamula makina. Koma amene akuwerenga mawuwo ndi munthu, ndipo mphunzitsi wamkulu kapena mfumu akaona tsegula, sankha, tseka pa sikirini amamva ngati akutumidwa ndi mwana wosaleredwa. Chifalansa ndi Chijeremani zinazemba vutoli pogwiritsa ntchito mneni wosalamula aliyense, wofanana ndi kutsegula ndi. Njira imeneyi ndi yotheka m'Chichewa pa mitu ya zosankha, koma m'malangizo opita kwa wowerenga mphatikiri waulemu -ni asasowe. Chimene mkonzi sayenera kulola ndi kusakaniza tsegula ndi tsegulani pa tsamba limodzi.

Palinso nkhani ya kalembedwe. Onse awiri, tsegula ndi tsekula, amamveka pakati pa olankhula Chichewa, ndipo tsekula akuonetsa bwino kuti wachokera ku tseka. Koma pa mndandanda wa zosankha tsekani ndi tsekulani amakhala moyandikana, ndipo diso lofulumira lingawasokoneze. Pa chifukwa chimenechi tsegulani ndiye woyenera pa kompyuta.

5.2 Pa Windows 11, munthu akasankha pulogalamu ina amafunsidwa ngati izi zikhale za nthawi zonse kapena ayi. Nthawi zonse ndi mawu omveka. Mbali inayo ena amati kamodzi kokha, zimene zingamveke ngati mwayiwo sudzabweranso. Ulendo uno wokha ndi mawu amene akunena chenicheni: fayilo itseguka ndi pulogalamu imeneyi pakali pano, ndipo yosankhidwiratu ija ikhalabe pa malo ake. Pa makompyuta a Apple kusintha kwa mafayilo onse a mtundu umodzi kumachitikira pa Get Info, podina Change All. Pa Windows 10 ndi 11 kumachitikiranso mu Settings, pa Default apps. Pamene pulogalamuyo ili m'Chingerezi, mayina a mabataniwa alembedwe monga akuonekera pa sikirini, kuti wophunzira awapeze.

5.3 Ubale wonsewu pa Chingerezi amautcha file association. Zotanthauziridwa ndi makina zimati bungwe la mafayilo kapena mayanjano a mafayilo, ngati kuti mafayilowo amachita misonkhano. Mgwirizano nalonso silikukwanira, chifukwa kugwirizana kumafuna mbali ziwiri zovomerezana, ndipo aphunzitsi a Chichewa ali nalo kale liwuli pa nkhani ya magulu a mayina. Apa Chichewa chimayenda bwino ndi mneni kuposa dzina: kusankhira mtundu wa fayilo chotsegulira. Msintho womuchitira ukuonetsa wosankha, wosankhiridwa ndi chosankhidwa m'mawu ochepa. Kuumirira kuti dzina la Chingerezi libwezedwe ndi dzina la Chichewa ndiko kumabala mawu olemera amene palibe amawatchula.

6.0 Chifukwa Chake Akonzi Ayenera Kusamala

Nkhaniyi ikukhudza kalembedwe ka Chichewa mwachindunji. Lembo la ŵ, limene lili m'mabuku ambiri a Chichewa ndi a Chitumbuka, mulibe m'gulu la malembo limene Windows inkagwiritsa ntchito pa zilankhulo za kumadzulo kwa Ulaya, lotchedwa Windows-1252. Limapezeka mu Unicode, ndipo mafayilo ambiri masiku ano amalisunga m'njira yotchedwa UTF-8. Fayilo yosungidwa mu UTF-8 ikatsegulidwa ndi pulogalamu imene ikuiwerenga ngati Windows-1252, liwu lakuti Malaŵi limaoneka ngati MalaÅµi. Nkhodolero nayo ili pa ngozi. Yowongoka ija ya pa kiyibodi imapulumuka, koma mapulogalamu olembera monga Word amakonda kuisandutsa yopindika, ndipo yopindikayo ikawerengedwa molakwika, ng'ombe imasanduka ngâ€™ombe. M'chilankhulo chimene nkhodolero imapezeka pafupifupi m'ndime iliyonse, mu ng', m' ndi n', kuwonongeka kotere sikuchepa.

Izi zimachitika kwambiri ndi mafayilo a .csv, amene ofufuza amasungiramo mindandanda ya mawu ndipo masukulu amasungiramo mayina a ophunzira. Pa makompyuta ambiri okhala ndi Microsoft Office, pulogalamu yosankhidwiratu ya .csv ndi Excel. Kwa zaka zambiri Excel yakhala ikuwerenga fayilo yotere, ikatsegulidwa podina kawiri, motsata gulu lakale la malembo, pokhapokha fayiloyo itakhala ndi kachizindikiro kapadera koyambirira. Yakhalanso ikuchotsa ziro woyambirira pa manambala, zimene zimalumaza manambala a foni olembedwa moyamba ndi 0. Fayilo yomweyo ikatsegulidwa mu LibreOffice Calc, pulogalamuyo imayamba yafunsa gulu la malembo loti itsate. Ndipo mu Excel momwemo muli njira yolowetsera fayilo imene imalola munthu kusankha UTF-8.

Mkonzi amene anaphunzitsidwa kuti Excel ndi pulogalamu yosasinthika ya .csv adzaganiza kuti fayilo inabwera yowonongeka. Adzaimba mlandu wotumiza, kapena adzakhala usiku wonse akukonza mawu limodzilimodzi, kapenanso adzakopera zolakwikazo n'kuzilowetsa m'buku. Amene anaphunzitsidwa kuti ndi yosankhidwiratu adzayesa kutsegula fayiloyo ndi pulogalamu ina, ndipo adzapeza kuti malembo ake onse ali bwinobwino. Fayiloyo inalibe chilema. Cholakwika chinali chotsegulira.

7.0 Kalembedwe ka Michira m'Ziganizo

Michira ya mayina ilembedwe monga kompyuta imaidziwira, ndi kadontho kake: .pdf, .txt, .odt. Polankhula munthu akhoza kunena kuti pidiefu, koma m'malangizo olembedwa kalembedwe kameneka kangasocheretse wophunzira amene akufuna malembowo pa sikirini. Kadonthoka kasatchedwe mpumiro, pakuti sikatseka chiganizo. Wolemba apewenso kumaliza chiganizo ndi mchira, chifukwa kadontho ndi mpumiro zikayandikana wowerenga sadziwa ngati mpumirowo ndi mbali ya dzina. Mgwirizano utsate liwu lakuti fayilo: fayilo ya .pdf, mafayilo a .pdf. Patsogolo pa dzina la pulogalamu mu alembedwe wathunthu ndi motalikirana, monga mu Word, mu Excel, kuti dzinalo lisasokonezeke ndi nkhodolero.

8.0 Mawu Omaliza

Mawu amene nkhani ino yawapeza oyenera ndi awa: fayilo ndi foda, monga anthu amanenera kale, mchira wa dzina m'malo mwa zowonjezera, pulogalamu yosankhidwiratu m'malo mwa yosasinthika, yokhazikika ndi anzake, pulogalamu yoikidwiratu ponena za imene inabwera ndi kompyuta, mukapanda kusankha ina m'malo mwa mwachisawawa, tsegulani ndi, nthawi zonse ndi ulendo uno wokha pa mndandanda wa zosankha, ndi kusankhira mtundu wa fayilo chotsegulira ponena za ntchito yonseyi.

Mawuwa sanafike pokhala lamulo. Mutu umodzi susenza denga, ndipo aphunzitsi amene amaima pamaso pa ophunzira ndiwo angaone ngati mchira ukuseketsa ana kuposa kuwaphunzitsa, kapena ngati yosankhidwiratu ikulemera pa lilime. Akapeza ena oposa awa, alandiridwe. Koma liwu lililonse latsopano liyambe layesedwa m'chiganizo chouza munthu kuti asinthe chinthucho. Likakana kulowamo, lisalowenso m'buku.